Kwa a Meya ndi makhansala: kontrakiti ya zinyalala isamasinthidwire kuseli

Olemekezeka a Meya, makhansala athu, ndi inu mabwana oyendetsa makhonsolo a mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba,

Landirani moni nonse. Ine ndi munthu wamba wokhala mtauni, ndimalipira msonkho wa poloti komanso kandalama ka mwezi ndi mwezi kwa anyamata otenga zinyalala pakhomo, nde ndaona kuti mmalo momangong'ung'udza mu minibasi bola ndilembe poyera, paja wakutsina khutu ndi mnansi. Nkhani yanga ndi ya zinyalala inde, koma osati ija munatopa nayo kumva yoti matauni anyasa ayi, zimenezo mukuzidziwa kale, pa Lizulu mumadutsa, mtsinje wa Mudi mumauona ndi maso anu. Ine ndikufuna tikambe za mapepala, makamaka timapepala tija timabwera pambuyo kudzasintha kontrakiti imene munasainirana kale ndi kampani yotenga zinyalala. Pempho langa ndi limodzi: chilichonse chimene mukufuna kusintha mu kontrakiti yotere, loya woima payekha achiwerenge kaye musanaike siginecha, makhansala onse achione, ndipo ife eni zinyalalazo mutionetsenso.

Tiyeni tinene chilungamo, khonsolo payokha ntchitoyi ikuikanika. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu Lilongwe ndi 800,264 mu Blantyre, pano nde tachuluka kuposa pamenepo koma malole sachuluka nafe limodzi, ena ali pamiyala kugalaja, ena akudikira dizilo. Choncho zopereka ntchito kwa makampani ine sindikutsutsa olo pang'ono. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linaika udindo wochotsa zinyalala mmanja mwanu, ndipo udindowo umakhalabe wanu kaya lole ndi ya khonsolo kaya ndi ya munthu. Chimene chimandisowetsa tulo ndi zimene zimachitika mwambo wosainira ukatha, atolankhani atanyamula makamera awo, aliyense atamwa fanta wake nkubalalika.

Tenda ija imakhala ndi maso ambiri. Imalengezedwa munyuzi, makampani amapikisana, maenvulopu amatsegulidwa anthu akuona, komiti yoona zogulagula imakhala pansi, a PPDA, bungwe loyang'anira zogulagula za boma, akhoza kufunsa, ndipo a ACB nawo akhoza kuiunika. Zonsezo nzabwino. Koma pakapita miyezi ingapo kumabwera kalata yochokera kukampani, kuti bwana zinthu zavuta, mafuta akwera, misewu yakwanuko ikutithera matayala, tiyeni tikonzeko pang'ono mgwirizano uja. Nde pamatuluka adendamu, kapepala kosintha kontrakiti kaja. Ine ndinagwirako ntchito yaukalaliki pakampani ina ya zomangamanga ndipo timapepala timeneti ndatitayipa ndi manja angawa. Kontrakiti yeniyeni imakhala chibuku, yomangidwa bwino ndi chikuto chapulasitiki, imakhala mukabati yokiya. Adendamu imakhala masamba awiri basi, pena limodzi ndi theka, mawu ake nkumati mbali zonse ziwiri zagwirizana kuti ndime yakuti ichotsedwe ndipo mmalo mwake mulowe mawu awa, kenako malo osainira, deti, chidindo, nkukaiphatika ndi sitepula kumapeto kwa chibuku chija. Amene akusainayo kawirikawiri satsegula nkomwe chibukucho kuti aone kuti ndime ikuchotsedwayo imanena chani. Ndikuuzeni mabwana, phindu lenileni la makampani ambiri silikhala mu tenda, limakhala mmasamba awiri amenewa. Alipo amene amaika dala mtengo wotsika kuti awine, akudziwa kuti adzabweza pa adendamu, ndipo mnzawo amene anaika mtengo woona uja amangoluza nkumapita kwawo.

Nchifukwa chake funso loyamba limene loya akuyenera kufunsa ndi loti kodi uku nkusintha, kapena ndi kontrakiti yatsopano yongovala malaya a yakale? Mukakweza mtengo, nkuwonjezera zaka, nkusinthanso madera amene kampani izitengako zinyalala, ndiye kuti chimene makampani anapikisanirana chija palibenso. Pamenepo loya woona amati ayi mabwana, bwererani kumsika, itanani tenda ina. Loya wongofuna kusangalatsa amakonza chizungu ndi makoma nkubweza fayilo.

Kuti muone kuti ndime imodzi ikhoza kumanga mzinda wonse, taonani za anzanu aku Harare, komwe abale athu ambiri amene makolo awo anachoka kuno kalekale akukhala mpaka lero, ku Mbare, Mufakose ndi Highfield uko. Mu Marichi 2022 khonsolo ya Harare inasainirana ndi kampani ya Geogenix BV, yolembetsedwa ku Netherlands, mgwirizano wa zaka 30 woti kampaniyo itenge mtaya wa Pomona, izikonza zinyalala ndi kupanga magetsi. Tenda panalibe. Mu mgwirizanomo munali ndime yoti khonsolo izilipira madola 40 aku America pa tani iliyonse imene yakataya kumeneko, pamalo amene anali ake omwe, ndipo chaka choyamba isamachepetse matani 550 patsiku. Tawerengani nokha, 550 kuchulukitsa ndi 40 ndi madola 22,000 patsiku, pachaka akupitirira madola 8 miliyoni, ndipo ndalamayo imayenera kutuluka kaya malole a khonsolo afikitsa matani amenewo kaya alephera chifukwa afa kapena alibe mafuta. Mlingowo umakweranso chaka ndi chaka mpaka kufika matani 1,000 patsiku. Makhansala ndi meya Jacob Mafume atadzidzimuka anayesa kuimitsa mgwirizanowo chaka chomwecho, koma nduna ya maboma aang'ono ya nthawi imeneyo July Moyo inakaniza chiganizo chawo, boma nkunena kuti lizilipira lokha kuchokera ku ndalama zimene zimayenera kupita kumakhonsolo. Magulu a anthu okhala mumzindawo anathamangira kukhothi, koma siginecha inali itagwa kale.

Ena anena kuti koma ku Pomona kunakonzedwa, mpaka atsogoleri a SADC anakawaonetsako mu Ogasiti 2024. Zoona, ndipo sindikukana. Funso langa ndi loti mtengo wake anauwerenga ndani asanasaine, ndipo akanati kuitana makampani atatu anayi sakanapeza wochita zomwezo motchipa? Onaninso mmene zimakulira zinthuzi: pofika 2025 kampani ya Geo Pomona, yoyendetsa mgwirizano wa Geogenix uja, imene poyamba inali yongolandira zinyalala kumtaya, inapatsidwanso ntchito yotolera zinyalala mumzindamo. Zimayamba ndi chala kenako mkono wonse. Safunsa anadya phula mabwana, ndipo mu nkhani izi amene amadya phulayo si wosainayo, ndi mayi wogulitsa tomato amene amadula chiphaso cha mumsika tsiku ndi tsiku.

Tsono ndisakhale ngati ndikuda makampani. Pali nthawi imene kusintha kumafunikadi. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imene imagulitsidwa pafupifupi K1,180 nkufika K1,700 usiku umodzi. Munthu amene anawina tenda zisanachitike izi, matayala, mabatire, ma sipeya ndi oyilo zonse amagula zochokera kunja, dizilo naye amakwera a MERA akalengeza, osanenanso za masiku amene lole imagona pamzere wa mafuta. Ameneyo akabwera kudzalira mumumvere, apo ayi angosiya ntchito mwakachetechete, lole izibwera kamodzi pamwezi. Koma kumumvera kwake kukhale kwa masamu. Loya ndi akauntanti akhale pansi alembe mu kontrakiti momwemo kuti pa kwacha iliyonse imene tikukulipira, gawo lakuti ndi la mafuta, lakuti ndi la malipiro a antchito, lakuti ndi la zipangizo, ndipo mafuta akakwera ndi mwakuti gawo la mafuta lokhalo ndi limene likwere, akatsika litsikenso. Zikalembedwa choncho palibenso chifukwa chokumanirana ku hotela kunyanja kukakambirana mtengo, aliyense ndi kakyuleta ya pafoni akhoza kupeza yankho lomwelo. Zimene sindifuna nzoti mafuta akwere pang'ono, kontrakiti yonse ikwere kawiri, ndipo kukwerako kuyambire miyezi yammbuyo, khonsolo nkupezeka ili ndi ngongole imene dzulo inalibe. Ndipo chonde, ndime iliyonse yoti muzilipira mu madola kapena motsata dola, loya aizungulize ndi cholembera chofiira. Khonsolo imatolera makwacha, mmisika, mmapoloti, mmalayisensi a mabizinesi. Ikalonjeza madola yalonjeza chinthu chimene ilibe.

Pena pamene pamabisala ndalama ndi pa muyezo wolipirira. Kontrakiti yoyamba ikhoza kunena kuti tizikulipira pa nyumba iliyonse imene watengapo zinyalala, adendamu nkusintha kuti ayi tizilipira pa tiripi, kapena pa tani. Zimaoneka zazing'ono koma zimasintha khalidwe lonse la kampani. Mukamalipira pa tiripi, lole izipita kumtaya wa ku Area 38 kapena wa ku Mzedi ili theka, matiripi achuluke. Mukamalipira pa tani, nde funsani kuti sikelo ili kuti, ndi ya ndani, anaipima ndani, ndipo amene akulemba manambala pageti akulandira malipiro kwa ndani. Zinyalala zathu kuno zambiri ndi makoko a chimanga, masamba, zotsala za ndiwo, phulusa ndi mchenga wosesa pabwalo, nthawi ya dzinja zimanyowa nkulemera kwambiri, munthu wochenjera akhoza kumakulipiritsani madzi amvula ndi dothi. Mukamalipira pa nyumba, ndani akutsimikiza kuti nyumbazo anafikakodi? Njira iliyonse ili ndi pobowoka pake, ntchito ya loya nkutseka pobowokapo ndi mawu, kuti pakhale buku losainira mkulu wa msika kapena mfumu ya mmudzi wamtauni, risiti ya pageti la kumtaya ikhale ya makope atatu, khonsolo ikhale ndi ufulu wobwera osalengeza kudzaona mabuku. Ndipo kumene zikukatayidwako kulembedwe dzina. Tonse tinaonapo milu ya mapampasi ndi majumbo mmbali mwa mitsinje ndi mmadambo, yotayidwa usiku ndi anthu amene alandira kale ndalama ya pakhomo koma akuwawidwa mtima ndi dizilo wokafikira kumtaya.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ine ndi mapu. Kontrakiti ikamasainidwa pamakhala mndandanda wa madera, ndipo poyamba amasakaniza bwino, kwa olemera ndi kwa osauka, kuti kumene kuli phindu kunyamule kumene kulibe. Kenako kampani imadandaula kuti kwakutikwakuti msewu kulibe, anthu salipira, lole siikwana mtinjira take. Adendamu ikubwera, madera awiri atatu achotsedwa pamndandanda, mtengo uli chomwecho. Nde mupeza ku Area 10, Area 43, Namiwawa ndi Nyambadwe aliyense akufuna kukatengako, pamene Mtandire, Chinsapo, Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Mchengautuwa palibe amene akulimbirana, chonsecho nkumene kuli anthu ochuluka ndi zinyalala zochuluka. Kwathu kuno zinatichitikirapo, lole ina inkabwera Lachiwiri lililonse, kenako inangosiya, osatsanzika. Sikipi, chibini chachikulu chachitsulo chija, imene inali pafupi ndi msika inadzadza mpaka kusefukira, agalu ndi mbuzi kumachitira phwando, amayi a mandasi kumagulitsa mamita ochepa kuchokera pamenepo atatchinga beseni ndi chitenje chifukwa cha ntchentche. Titafunsa dalaivala tsiku lina titakumana naye kwina anangoti kwanuko anatichotsako pa lisiti. Anawachotsa ndani, liti, pa chifukwa chanji, mmalo mwawo mwalowa ndani, palibe anatiuza. Nde ndikuti dera likamachotsedwa mu kontrakiti, adendamu yomweyo inene poyera amene atenge deralo kuyambira tsiku lakuti, ndipo mtengo wa kampani ija utsike molingana ndi ntchito imene yatula. Loya asalole dera kutsala mmalere.

Pamenepa ndiyankhulireko achinyamata ndi amayi amene anadzipangira timagulu totenga zinyalala ndi mawilibala, ngolo ndi njinga za matayala atatu, ena mpaka amapanga manyowa ndi kusankha mabotolo okagulitsa. Anthu amenewa ndi amene agwira matauni athu mmalo momwe lole siifika. Kampani yaikulu ikamabwera imakonda kupempha ndime yoti mdera lake musalowe wina aliyense. Ikalowa ndime imeneyo kudzera pakhomo lakuseli, mawa lake timagulu tija tasanduka tophwanya malamulo, askari a khonsolo akuwalanda mawilibala. Ngati mukufunadi kupatsa kampani dera lakelake, lembanimo kuti timaguluti tizigwira nayo ntchito pa mtengo wodziwika, osati kuwathamangitsa.

Antchito onyamula zinyalala nawo musawaiwale, chifukwa kampani ikafuna kuchepetsa zowononga imayambira pa iwowo. Taonani anyamata amene amakwera kumbuyo kwa malole aja, ambiri manja ali pamtunda, kuphazi masilipasi, akugwira magalasi osweka ndi majakisoni otayidwa. Magolovesi, magambutsi, zotchinga pamphuno, malipiro osachepera amene boma linakhazikitsa, penshoni, chipukuta misozi akavulala pantchito, zonsezi zikhale mu kontrakiti ndipo adendamu isazikhudze. Ku Ghana kunali mgwirizano wa boma ndi kampani ya Zoomlion wa anthu osesa mmisewu ndi mmisika, umene umangowonjezeredwa nthawi kwa zaka zambirimbiri. Pa ma cedi 850 amene amatuluka pamwezi pa wosesa mmodzi, mwini tsacheyo amalandira pafupifupi 250 okha, otsalawo amapita kukampani. Mtolankhani Manasseh Azure Awuni analimbana nayo nkhaniyi kwa zaka, ndipo mu 2025 boma la John Mahama linanena kuti siliwonjezeranso mgwirizanowo. Zaka zonsezo pepala limabwera, anthu amasaina.

Kenako pali ndime zija makampani amadana nazo, za chilango ndi zothetsa mgwirizano. Kontrakiti yabwino imati ukapanda kubwera masiku akuti tikudula ndalama zakuti, ukabwereza kangapo tikuchotsa. Adendamu yochenjera imafewetsa mawuwa pang'onopang'ono, mmalo moti kampani idzatenga zinyalala kawiri pasabata nkulemba kuti idzayesetsa, mmalo mwa chilango nkulemba kuti mbali ziwiri zidzakambirana, ndipo kumbali ya khonsolo nkuika kuti mukathetsa mgwirizano nthawi isanakwane mudzalipira phindu lonse limene kampani ikanapeza zaka zotsalazo, kuphatikiza chiwongola dzanja pa invoisi iliyonse yochedwa. Ndipo tonse tikudziwa kuti kulipira mochedwa ndi matenda a maofesi aboma kuno. Mukasaina zotere ndiye kuti kampani ikhoza kugona, inu osaichotsa, mukaichotsa ikukatenga chiletso kukhothi, mlandu uzikoka zaka, zinyalala zikuwunjikana. Za ziletso musachite kufunsa, malamulo oletsa mapulasitiki opyapyala anabwera mu 2015, khothi la Supreme linawavomereza mu 2019, koma taonani zaka zimene zinapita makampani akungosinthana kukatenga ziletso majumbo ali mbwee mngalande. Loya aonenso kuti mkangano ukabuka ukaweruzidwira kuti. Zoti mlandu wa zinyalala za ku Limbe ukamvedwe ku London kapena ku Dubai, khonsolo yosowa ndalama ya dizilo izikalipira maloya mu mapaundi, ayi ndithu.

Musaone ngati izi ndi zamapepala chabe. Kolera amene anayamba mu Marichi 2022 anagwira anthu oposa 58,000 nkupha oposa 1,700, mpaka mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Sindikuti zinyalala zokha ndi zimene zinabweretsa, madzi ndi zimbudzi zili pomwepo, koma sikipi yosefukira pakati pa msika nthawi ya mvula ndi ngalande zotsekeka ndi majumbo sizithandiza. Zikavuta chonchi funso limakhala loti wolakwa ndani, ndipo pamene pali mabungwe awiri atatu aliyense amaloza mnzake. Kumbukirani za ku Area 18 mu Julayi 2017 pamene madzi a suweji analowa mmipopi ya anthu, nkhani inakathera kukhothi. Choncho kontrakiti inene momveka kuti kampani ikataya zinyalala mumtsinje, a MEPA oteteza zachilengedwe nkubwera ndi chindapusa, amene alipire ndani. Lole ikagunda mwana, inshuwalansi ndi ya ndani. Ku Kampala mu Ogasiti 2024 mtaya wa Kiteezi unagumuka nkukwirira nyumba, anthu oposa 30 anafa, ndipo akuluakulu a mzindawo anachotsedwa ntchito ena nkumangidwa. Amene mumasainanu dziwani kuti tsiku loipa likafika dzina limene amaliwerenga ndi lanu.

Tsono loya wake uti? Ndikudziwa kuti mudzati khonsolo ili ndi maloya ake. Ndimawalemekeza, koma munthu amene tchuthi chake, alawansi yake ndi kukwezedwa kwake zimadutsa pa desiki ya bwana amene akufuna adendamuyo isainidwe Lachisanu lisanafike, nkovuta kuti anene ayi mokweza. Enanso amapatsidwa fayilo madzulo nkuuzidwa kuti mawa mmawa ikhale itatha. Ndipo chinthu china chimene ndinachiona ku ntchito kuja, pepala loyamba nthawi zambiri limalembedwa ndi loya wa kampani, mbali inayo imangolandira nkusintha mawu awiri atatu. Amene wagwira cholembera poyamba ndi amene wawina theka la nkhani. Nde ine ndikuti pa kusintha kulikonse kokhudza mtengo, zaka, madera kapena chilango, loya wa khonsolo alembe maganizo ake papepala nkusaina dzina lake, kenako apite kwa loya wina wa kunja kwa khonsolo amene sanagwirepo ntchito ndi kampaniyo ndipo alumbire polemba kuti alibe nayo ubale, ndipo kumene lamulo likufuna kuti a PPDA avomereze kapena a ACB aone, kalata yawo ikhale mufayilo tsiku losaina lisanafike, osati kukaipempha pambuyo kuti mutsukire zimene zachitika kale. Ikakhala ya zaka zambiri yokhudza malo a khonsolo ngati mtaya, ku Public Private Partnership Commission kuli anthu amene ntchito yawo ndi imeneyo. Mudzati zimenezi nzodula komanso zochedwetsa. Bilu ya loya ya sabata ziwiri muiyerekeze ndi madola 22,000 patsiku aja. Zinthu zadzidzidzi zilipo, monga nthawi ya namondwe Freddy mu Marichi 2023 pamene Blantyre imafunika kuchotsa matope ndi zinyalala mwachangu, pamenepo sainani ya miyezi itatu yokhala ndi tsiku lothera, osati kulowetsamo zaka zisanu mu dzina la ngozi.

Inu makhansala, makamaka amene munalowa pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, mawu awa ndi anu. Dziko lino linakhala kuyambira 2005 mpaka 2014 lopanda makhansala, ndipo maofesi anazolowera kuyenda popanda wowafunsa, chizolowezi chimenecho sichinatheretu. Mudzapatsidwa mapepala ambirimbiri mmawa wa tsiku la msonkhano, nkhani ya adendamu ili kumapeto kwenikweni pamene aliyense watopa njala yamupweteka, wina nkuti iyi ndi yongodziwitsa chabe, tivomereze tizipita. Musavomere. Funsani kuti kontrakiti yoyamba ili kuti, ndime yakale ndi yatsopano aziike pambali ndi pambali, kusinthaku kutidyera ndalama zingati pachaka, maganizo a loya ali kuti, wadi yanga ilimo kapena yachotsedwa. Musachite manyazi kuti chizungu cha maloya nchovuta, nchovuta kwa tonse, mpaka madigiri amakomoka nacho, auzeni akumasulireni mChichewa kapena mChitumbuka mpaka mumve. Ndipo khansala kapena bwana aliyense amene ali ndi lole yake kapena ya mlamu wake imene ikugwira ganyu kukampaniyo anene yekha nkutuluka panja nkhaniyo ikamakambidwa.

Pomaliza penipeni, tionetseni. Kontrakiti ya zinyalala si chinsinsi cha asilikali. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limati munthu akapempha ayankhidwe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo a Malawi Human Rights Commission ndi amene amaliyang'anira, koma bwanji mudikire kuti tichite kulemba makalata? Masamba a Facebook muli nawo, mumaikapo zithunzi za a Meya atanyamula fosholo tsiku losesa. Ikaniponso kontrakiti ndi adendamu iliyonse, matani kope pa bolodi ya ku Civic Offices ndi mmaofesi a misika, ndi tsamba limodzi la mchilankhulo chathu lonena kuti kampani ndi yakuti, madera ake ndi awa, masiku obwera ndi awa, mtengo wa pakhomo ndi uwu, ikapanda kubwera imbani nambala iyi. Mukatero simudzafunikanso mainsipekitala ambiri, amayi a mumsika ndi ma gulu a WhatsApp a mmadera adzakuuzani okha tsiku limene lole yajomba. Kampani ikati mitengo yake ndi chinsinsi cha bizinesi, iuzeni kuti ndalama ikulandirayo ndi ya anthu, ikafuna zachinsinsi ikagwire ntchito kwa munthu payekha.

Poyambira pake mposavuta. Pa msonkhano wa khonsolo yonse ukubwerawu, khansala mmodzi aimirire apemphe mndandanda wa makontrakiti ndi malayisensi onse a zinyalala amene alipo panopa, tsiku limene anasainidwa, tsiku lothera, asinthidwapo kangati, ndipo pa kusintha kulikonse loya amene anaona ndi ndani. Mzinda umene uyambe kutulutsa mndandanda umenewu ine ndidzalembanso kalata ina pompano youyamikira, dzina la khansalayo ndidzalitchula.

Ine wanu,
Wokhala mtauni, wolipira msonkho